Pomwe mota imalekera: mbiri ya liwiro la njinga zamagetsi ndi malamulo ake

Njinga yamagetsi yogulidwa m'sitolo ya ku Berlin, ku Amsterdam kapena ku London ili ndi khalidwe limodzi lomwe woikwera koyamba amalizindikira asanapite patali. Ukangoponda pedulo, mota imadzuka n'kuyamba kukukankha, miyendo n'kupepukidwa. Liwiro limakwera: 15, 20, 23. Likangofika pa makilomita 25 pa ola, kaphokoso ka mota kaja kamazilala, ndipo kulemera konse kwa njingayo, komwe nthawi zambiri kumaposa makilogalamu 20, kumabwerera m'maondo mwako. Batire likadali lodzaza, mota ili bwinobwino, koma kakompyuta kobisika pafupi ndi motayo kadauzidwa kufakitale kuti pa 25 kazidula moto, chifukwa lamulo limatero.

Wokwerayo akafuna atha kupitirira ndi miyendo yake mpaka 30 kapena 40, makamaka potsetsereka, ndipo lamulo tikunenali silimuletsa. Ku Britain, malire a liwiro olembedwa pa zikwangwani za m'misewu ya boma sakhudza n'komwe njinga zakapalasa. Ntchito ya nambala 25 ndi ina: imadula malire pakati pa njinga yakapalasa ndi njinga yamoto. Ukakhala tsidya lino umangokwera n'kumapita, popanda laisensi, nambala kapena inshuwalansi. Ukaoloka, zonsezo zimafunika, ndi chisoti chomwe, ndipo kawirikawiri kanjira ka njinga ka m'mbali mwa msewu kamakhala kotsekedwa kwa iwe. Mkangano wa zaka makumi anayi zapitazi wakhala wa pomwe malirewo ayenera kudutsa, komanso wa yemwe ayenera kulangidwa akadumphidwa.

Mantha a liwiro ndi akale kuposa njingayi. Mu 1865 nyumba ya malamulo ya ku Britain idalamula kuti makina oyendera nthunzi asapitirire mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi 2 m'tauni, ndipo munthu aziyenda pansi patsogolo pawo atanyamula mbendera yofiira. Malirewo adakwezedwa mu 1896. Njinga zamagetsi zoyamba zidabadwa m'nyengo yomweyo. Mu 1881 Gustave Trouvé adamangirira mota ndi mabatire pa njinga ya magudumu atatu n'kuiyendetsa mumsewu wa ku Paris. Pa 31 Disembala 1895 Ogden Bolton Jr. wa ku Ohio adalandira chiphaso cha boma la America cha luso lake la mota yokhala m'kati mwa gudumu lakumbuyo, nzeru yomwe mpaka lero ili pa njinga zambirimbiri zotsika mtengo. Patapita zaka ziwiri, Hosea Libbey wa ku Boston adalembetsa yake, mota ili pakati, pomwe pamazungulira mapedulo.

Njinga zimenezi sizidasowetse tulo opanga malamulo. Batire la mtovu lidali lolemera ndiponso losachedwa kutha, moti palokha lidali malire okwanira. Petulo adapambana, ndipo kupatula kuyesayesa kwa apa ndi apo, monga kwa kampani ya Philips ku Netherlands m'zaka za m'ma 1930, njinga yamagetsi idakhala chigonere kwa nthawi yaitali.

Ili chigonere choncho, maboma a ku Ulaya adali kulimbana ndi mbale wake, njinga yoikidwa kainjini ka petulo. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, tinjinga totere tidadzaza misewu ya ku France, Italy, Germany ndi Netherlands, ndipo funso lidali lomweli: kodi ichi ndi njinga kapena mthuthuthu? Ku Germany adakhazikitsa gulu la tinjinga totchedwa mofa, tosapitirira makilomita 25 pa ola. Ku Netherlands kudadza snorfiets, yomwe nayo idakhazikika pa 25. Pamwamba pake padali gulu la moped, lomwe pambuyo pake mayiko a ku Ulaya adagwirizana kuti lizilekera pa 45. Nambala ziwirizi, 25 ndi 45, zidali kale m'mabuku a malamulo, ndipo njinga yamagetsi ya masiku ano idangozipeza.

Ku Britain lamulo lidatsogola, njinga n'kubwera pambuyo. Mu 1983 boma lidakhazikitsa malamulo a njinga zothandizidwa ndi magetsi. Mota isapose mawati 200 pa njinga ya magudumu awiri, kapena 250 pa ya magudumu atatu. Isathandize kupitirira mamailosi 15 pa ola, omwe ndi makilomita 24. Njinga isalemere kuposa makilogalamu 40, kapena 60 ikakhala ya magudumu atatu. Wokwera akhale wa zaka 14 kapena kuposa. Wokwaniritsa izi sankafunsidwa laisensi, msonkho wa pamsewu, inshuwalansi kapena chisoti.

Clive Sinclair, yemwe adatchuka ndi kulemera chifukwa cha timakompyuta ta m'nyumba totsika mtengo, adaona mwayi pamenepo. Adapanga kagalimoto kotchedwa C5, mbali iliyonse ataiyeza ndi lamulolo: magudumu atatu, mota ya mawati 250, liwiro la mamailosi 15, ndi mapedulo. Thupi lake lidali la pulasitiki, lopanda denga. Woyendetsa ankakhala chotsamira pafupi ndi pansi, mahandulo ali kunsi kwa ntchafu zake. Adakaonetsa ku Alexandra Palace mu London pa 10 Januwale 1985, m'kati mwa nyengo yachisanu, pa mtengo wa mapaundi 399. Fakitale ya Hoover ku Merthyr Tydfil, ku Wales, idapanga pafupifupi 14,000, koma togulidwa kampaniyo isanagwe chaka chomwecho tidali ngati 5,000.

Zifukwa zidali zingapo. Batire linkatha msanga kukazizira, pachitunda kankalephera, mvula ikagwa munthu ankanyowa. Koma chachikulu chidali mantha. Mutu wa woyendetsa unkalingana ndi tayala la lole, ndipo kampaniyo idafika pogulitsa padera kamlongoti koimika kumbuyo kuti oyendetsa magalimoto azikaona. Nkhani ya C5 anthu amaikamba moseka, koma ine ndimaonamo chinthu chomwe opanga malamulo akhala akuchiiwala mobwerezabwereza. Mamailosi 15 pakati pa anthu oyenda pansi ndi liwiro lalikulu. Mamailosi 15 omwewo pakati pa malole ndi mabasi ndi ngozi ya mtundu wina. Nambala ya liwiro imakhala ndi tanthauzo pokhapokha tikadziwa njira yomwe njingayo yapatsidwa kuti iyendemo.

Luso lidali kusintha mwakachetechete. M'zaka za m'ma 1980 kudatulukira maginito amphamvu a neodymium, omwe adachititsa kuti mota yaing'ono ikhale ndi nyonga. Mu 1991 Sony idayamba kugulitsa mabatire a lithium, ngakhale padapita zaka asanatsike mtengo n'kufika panjinga. Ku Switzerland, Michael Kutter ankayesa njinga yomwe mota yake imathandiza pokhapokha munthu akupalasa. Koma amene adafikitsa nzeruyi pamsika waukulu ndi a Yamaha, ku Japan, mu 1993.

Lamulo la ku Japan lidali louma: choyenda ndi mota chilichonse ndi njinga yamoto, chimafuna laisensi ndi nambala. Akatswiri a Yamaha adapanga njinga yoti lamulolo liilandire popanda kuthyoledwa. Adaika kachipangizo koyeza mphamvu yomwe phazi likuponda pa pedulo. Ukaponda pang'ono, mota imawonjezera pang'ono, ukaponda mwamphamvu, nayo imalimbikira, ukaleka, imaleka. Adakambirana ndi akuluakulu a polisi ndi a boma mpaka adavomereza kuti chinthu chotere ndi njinga yakapalasa ndithu, pakuti munthu akapanda kupalasa sichisuntha. Njinga yoyambayo, yotchedwa PAS, inkalemera makilogalamu oposa 30 ndipo batire lake linkatha pa mtunda wa makilomita ngati 20.

Lamulo lomwe lidatuluka m'zokambiranazo lidali lotere: kufikira makilomita 15 pa ola, mota izipereka mphamvu yosaposa ya munthu, kuchoka pa 15 thandizolo lizichepa pang'onopang'ono mpaka litheretu pa 24. Mu Disembala 2008 adalisintha: kufikira makilomita 10 pa ola mota itha kupereka kawiri mphamvu ya munthu, kenaka n'kuyamba kuchepa, kutheranso pa 24 pomwepo. Mwa malamulo onse omwe ndawaona pankhaniyi, ili ndilo ndimaliona kuti lidaganiziridwa mozama. Limapereka mphamvu pomwe munthu amaifunadi, ponyamuka, pachitunda, ndi pomwe wanyamula katundu, ndipo limaibweza liwiro likamakwera. Lidaona kuti kukankha ndi kuthamanga ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zotsatira zake zimaoneka m'mawa uliwonse m'misewu ya ku Tokyo ndi Osaka: mayi ali panjinga, mwana wina pampando wa kutsogolo, wina kumbuyo, chikwama cha kuntchito m'basiketi, akukwera kachitunda kopita kusukulu ya mkaka osatsika n'kumakankha. Kuyambira 2009 kunyamula ana awiri motere n'kololedwa pa njinga zopangidwira ntchitoyo.

Dziko lomwe lidasandutsa njinga yamagetsi kukhala chinthu cha aliyense ndi China, ndipo chidayambitsa ndi lamulo lomwe silinkanena za njinga zamagetsi n'komwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, mizinda yambiri ya kumeneko idayamba kuletsa kapena kuchepetsa njinga zamoto za petulo chifukwa cha utsi, phokoso, ngozi, ndi akuba otsomphola zikwama ali pa liwiro. Mizinda idali kukula, mtunda wa kuntchito n'kumatalika, pomwe galimoto idali isanafike pa thumba la munthu wamba. Mu 1999 boma lidatulutsa muyezo wotchedwa GB 17761: njinga yamagetsi isapitirire makilomita 20 pa ola, isalemere kuposa makilogalamu 40, mota isapose mawati 240, ndipo ikhale ndi mapedulo. Lamulo la chitetezo cha pamsewu lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2004 lidaika njinga zotere m'gulu limodzi ndi zakapalasa, zoyenda m'kanjira ka njinga pa liwiro losaposa 15.

Kusiyana ndi Japan kudali kumodzi koma kwakukulu. Ku China mota inkaloledwa kuyenda yokha munthu akapotokola handulo, osapalasa. Mafakitale a ku Tianjin, Jiangsu ndi Zhejiang adayamba kupanga njinga mamiliyoni. Ogula ankafuna yothamanga, ya batire lalikulu, yonyamula mkazi, mwana ndi katundu, ndipo opanga adawapatsa. Mapedulo adanka nachepa mpaka kusanduka tizitsulo tongoonetsera, tomwe ambiri ankatichotsa akangofika kunyumba. Thupi la njinga lidakula n'kufanana ndi sikuta. Pa njinga zambiri chotsekera liwiro chidali kawaya kamodzi, ndipo wogulitsa ankakadula kapena kukazula kasitomala akuona. Papepala njinga idali ya 20. Mumsewu inkafika 35 kapena 40.

Mizinda idayesa kuziletsa. Beijing idalengeza mu 2002 kuti pofika 2006 njinga zamagetsi zidzakhale zitachoka m'misewu yake, koma nthawiyo itakwana idabweza mawu. Guangzhou ndi Shenzhen zidazitsekera misewu yambiri, apolisi n'kumalanda njinga milumilu. Kumapeto kwa 2009 boma lidalengeza kuti njinga yoposa makilogalamu 40 kapena makilomita 20 pa ola iziwerengedwa ngati yamoto. Anthu ndi mafakitale adadandaula kwambiri moti ganizolo lidaimitsidwa lisanayambe kugwira ntchito. Likadatsatidwa, anthu mamiliyoni ambiri opita kuntchito akadadzuka m'mawa wina ali ophwanya lamulo, pa njinga zomwe adagula poyera m'sitolo, lisiti lili m'thumba.

Muyezo watsopano udayamba kugwira ntchito pa 15 Epulo 2019. Liwiro lidakwezedwa kufika pa 25, kulemera pa makilogalamu 55, mota pa mawati 400, batire losaposa mavoti 48. Mapedulo adakhalabe okakamiza, njinga idayenera kulira kuchenjeza liwiro likadutsa 15, ndipo opanga adalamulidwa kuti kakompyuta kasamasinthike mwachisawawa. Apa boma lidachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: lidasendeza malire kuti ayandikire zomwe anthu ankachita kale, n'kumanga mfundo kumbali ya mafakitale. Lero ku China kuli njinga zamagetsi zoposa 300 miliyoni, kuposa dziko lina lililonse kutalitali.

Ulaya adatenga nzeru ya Japan n'kuifupikitsa. Mu 2002 bungwe la European Union lidalemba kuti njinga ya mapedulo yokhala ndi mota yosaposa mawati 250, yomwe thandizo lake limanka lichepa n'kutheratu pa makilomita 25 pa ola, kapena wokwera akasiya kupalasa, siyenera kuyesedwa ndi kulembetsedwa ngati njinga yamoto. Mizere yochepa imeneyo ndiyo idatsegula msika womwe lero ukugulitsa njinga mamiliyoni chaka chilichonse. Australia idatengera muyezowu mu 2012, lamulo la European Union la 2013 lidasunga nambala zomwezo, ndipo Britain idagwirizanitsa malamulo ake mu 2015, mamailosi 15 aja n'kukhala 15.5.

M'lamuloli muli mpata womwe ogula ambiri saudziwa. Mawati 250 aja ndi mphamvu yomwe mota ingapereke mosalekeza popanda kutentha mopyola. Za mphamvu ya kanthawi kochepa lamulo silinena. Choncho mota yolembedwa 250 imatha kutulutsa 600 kapena kuposa pokwera phiri, ndipo palibe cholakwa. Wapolisi ali m'mbali mwa msewu alibe njira yoyezera mawati. Chomwe angayeze ndi liwiro lomwe mota imalekera, n'chifukwa chake nkhondo yonse idasonkhana pa nambala imodziyo.

Kwa ofuna kuthamanga, Ulaya adasiya khomo lachiwiri, la njinga zofika pa 45, zotchedwa speed pedelec. Ku Switzerland, komwe zidayamba kutchuka, zimavala nambala yachikasu kumbuyo ndipo wokwera amavala chisoti. Netherlands idaziika m'gulu la moped kuyambira pa 1 Januwale 2017. Funso lomwe mayiko sadagwirizanepo ndi lakuti ziziyenda kuti. Germany imazitumiza mumsewu wa magalimoto. Belgium idazipatsa gulu lakelake mu 2016 n'kuzilola m'tinjira ta njinga. Wa 45 akalowa m'kanjira ka njinga amaopseza ana ndi okalamba. Akalowa pakati pa magalimoto, woopsezedwa ndi iye. Ndi vuto lomwe lija la C5, langosintha nambala.

America adayenda njira yake, monga dziko la misewu yotakasuka ndi mitunda italiitali. Lamulo lomwe George W. Bush adasaina mu Disembala 2002 lidati njinga yamagetsi ndi ya mapedulo ogwira ntchito, mota yosafika mawati 750, yosafika mamailosi 20 pa ola, omwe ndi makilomita 32, ikamayenda ndi mota yokha pamalo athyathyathya itanyamula munthu wolemera makilogalamu 77. Lamuloli linkanena za chomwe chingagulitsidwe. Za komwe chingayende lidasiyira chigawo chilichonse, ndipo kwa zaka zambiri njinga yololedwa mbali ino ya mlatho inkakhala yoletsedwa mbali inayo. Mu 2015 California idagawa njingazi m'magulu atatu: loyamba lothandiza popalasa kufikira mamailosi 20, lachiwiri loyenda ndi mota yokha kufikira 20 yomweyo, lachitatu lothandiza popalasa kufikira 28, omwe ndi makilomita 45, la anthu a zaka 16 kupita m'tsogolo ovala chisoti. Zigawo zambiri zidatengera dongosololi. Choncho njinga yomwe ku Los Angeles mnyamata amaikwera popanda chiphaso chilichonse, ku Amsterdam imafuna laisensi, nambala ndi inshuwalansi.

Tsopano tiyang'ane pafupi momwe malirewa amagwirira ntchito, chifukwa kufooka kwake kuli pomwepo. Pa njinga zambiri za mota ya pakati, pa sipoko imodzi ya gudumu lakumbuyo pamakhala kamaginito kangati mbewu ya nyemba. Pachitsulo cha felemu, pafupi ndi tcheni, pali kachipangizo komwe kamamva kamaginitoko kakamadutsa. Kakompyuta kamawerenga kuti gudumu lazungulira kangati pa sekondi, ndipo poti kukula kwa gudumu kamakudziwa, kamapeza liwiro. Njinga sidziwa liwiro lake mwa njira ina. Munthu akalowetsa pa wayayo kabokosi kobisa theka la maulendo a maginito, njinga imaganiza kuti ili pa 20 pomwe ili pa 40, mota n'kumakankhabe. Timabokosi totere timagulitsidwa pa intaneti. Njinga zina zotsika mtengo sizifuna n'kabokosi komwe: ukadina mabatani a pa handulo motsatira ndondomeko yomwe ili pa YouTube, malire amachoka.

Maboma ndi makampani adayankha. France, m'lamulo la zamayendedwe la Disembala 2019, idaika chindapusa chofika mayuro 30,000 ndi chaka chimodzi kundende pa mlandu womasula liwiro. Bosch, imodzi mwa makampani akuluakulu opanga mota za njingazi, idaika pulogalamu yozindikira chinyengo: ikakayikira, imafooketsa mota, ndipo zikachitika katatu njinga imayenera kupita kwa wogulitsa kuti akaitsekule. Ku Netherlands vuto lidabwera ndi njinga za matayala onenepa zotchedwa fatbike, zomwe ana a sukulu adazikonda kwambiri. Zambiri n'zosavuta kumasula, ndipo madokotala a kumeneko akhala akudandaula za ana ovulala m'mutu. Apolisi amayenda ndi makina okhala ndi zogudubuza, amakweza gudumu lakumbuyo pamenepo n'kuona pomwe mota ikulekera.

N'chifukwa chiyani makilomita ochepawo ali nkhani? Pa 25, njinga imadutsa pafupifupi mamita 7 pa sekondi iliyonse. Pa 45 imadutsa 12 ndi theka, ndipo sekondi imodzi ndiyo nthawi yomwe munthu amatenga kuti aone mwana wadumphira mumsewu n'kugwira buleki. Mphamvu yogundira nayo sikwera molingana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. Kuchoka pa 25 kufika pa 45 ndiko kuiwirikiza koposa katatu, pa mabuleki omwewo, matayala omwewo, ndi mutu wopanda chisoti. Kuwonjezera apo njingayi ilibe phokoso. Agogo owoloka msewu kapena munthu wosaona amadalira khutu, ndipo khutu silimuuza kanthu. Pa chifukwa chimenechi ine ndili kumbali ya malire. Ufulu wokwera popanda mapepala ndi chinthu chamtengo wapatali, makamaka kwa osauka, ndipo ungakhalepo pokhapokha njingayo ikhale yoti anthu ena angayende nayo limodzi popanda mantha.

Pomwe mtima wanga suvomera ndi pa yemwe amalipira. Onani New York. Kwa zaka zambiri njinga zoyenda ndi mota yokha zidali zoletsedwa mumzindawo, koma ndizo zinkafikitsa chakudya m'makomo mwa anthu, zitakweredwa ndi amuna ochokera ku China, Mexico, Guatemala, Bangladesh ndi kumadzulo kwa Africa. Mu 2017 meya Bill de Blasio adalengeza zolimbana nazo: njinga kulandidwa, chindapusa chofika madola 500, ndalama yomwe kwa wonyamula chakudya ndi thukuta la masiku ambiri. Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba ndipo mzinda wonse ukudya kuchokera m'manja mwa anthu omwewa, chigawo cha New York chidaziloleza. Njinga sizidasinthe, chidasintha ndi chakuti mzinda udaona kuti sungakhale popanda iwo.

Wonyamula chakudya sathamanga chifukwa chokonda mphepo. Amalipidwa pa phukusi lililonse, foni imamuwerengera mphindi, kasitomala akadandaula kuti chakudya chazizira ntchito imachepa. Mu Seputembala 2020 magazini ya Renwu ya ku China idafufuza momwe mapulogalamu a Meituan ndi Ele.me ankafupikitsira nthawi yofikitsira chakudya chaka ndi chaka, mpaka okwera ankadutsa maloboti ofiira ndi kuyenda mbali yolakwika ya msewu kuti asadulidwe ndalama. Ku London, Manchester ndi Birmingham nkhani ndi yomweyo. Mnyamata amagula njinga wamba, n'kuitanitsa pa intaneti gudumu la mota ya mawati 1,000 ndi batire lomangirira ndi tepi pafelemu. Pamaso pa lamulo la Britain chimenecho ndi njinga yamoto yopanda nambala ndi inshuwalansi: imalandidwa, chindapusa cha mapaundi 300 ndi mapointi 6 pa laisensi zimamugwera iye. Wogulitsa gudumulo amangolemba kuti n'logwiritsa ntchito pamalo a mwini, osati mumsewu wa boma, basi wasamba m'manja. Kampani ya pulogalamu imati mnyamatayo si wantchito wake. Abale athu omwe ali ku Britain n'kumaganiza zoyamba ntchitoyi ayenera kuidziwa nkhaniyi asanagule njinga.

Mzinda wa New York udachitako chinthu china chomwe ndimachiona kuti chimakhudza muzu: mu Disembala 2023 makampani a mapulogalamu adakakamizidwa kuyamba kulipira onyamula chakudya ndalama yosachepera madola 17.96 pa ola. Munthu wotsimikiza za malipiro ake a pa ola ali ndi chifukwa chochepa chodutsira loboti yofiira.

Kwathu kuno malire a pakati pa njinga ziwirizi timawadziwa bwino, chifukwa kabaza alipo wa mitundu iwiri. Wopalasa safunsidwa laisensi yoyendetsera. Wa njinga yamoto amayenera kukhala ndi laisensi, nambala ndi chisoti, ndipo tonse tikudziwa momwe kutsatitsa zimenezi kwavutira. Njinga yokhala pakati pa ziwirizi ikadzachuluka, funso la ku Tokyo ndi Beijing lidzakhala lathu. Wakabaza wokwera zitunda za ku Blantyre kapena Zomba ndi pasinjala kumbuyo, kapena mlimi wonyamula matumba a chimanga kupita kumsika, chomwe amasowa ndi mphamvu yokankha, osati liwiro la 45. Ndipo m'mbali mwa msewu wa M1, momwe woyenda pansi, wanjinga, mbuzi ndi minibasi yoima mwadzidzidzi amagawana kampata kamodzi, nzeru ya Japan ija, ya mphamvu yambiri pa liwiro lochepa, ndiyo ingatiyenere kuposa ya America.

Chaka cha 2025 chidaonetsa kuti mayiko akukokerabe mbali zosiyana. Boma la Britain, lomwe mu 2024 lidafunsa anthu ngati likweze mphamvu kufika pa mawati 500 ndi kulola njinga zoyenda popanda kupalasa, lidasiya ganizolo, nambala zakale n'kukhala momwemo. Ku New York meya Eric Adams adaika malire a mamailosi 15 pa ola kwa njinga zamagetsi m'misewu ya mzindawo, omwe ndi malire a liwiro la wokwera, osati a mota, ndipo woyang'aniridwa ndi yemwe ali pachishalo. China idapita kufakitale. Muyezo womwe udayamba pa 1 Seputembala udasunga 25, koma udalamula kuti mota izidula moto liwirolo likadutsidwa, ndiponso kuti batire, tchaja ndi kakompyuta zipangidwe movuta kuzisintha. Udachepetsa pulasitiki wololedwa panjinga, potsatira moto wangati wa ku Nanjing mu Febuluwale 2024, womwe udayambira pomwe ankaimika njinga zamagetsi pansi pa nyumba yosanja n'kupha anthu 15. Udavomerezanso zomwe aliyense ankaziona kwa zaka makumi awiri, n'kuchotsa lamulo lokakamiza mapedulo pa njinga zoyenda ndi mota yokha. Ogulitsa adapatsidwa mpaka kumapeto kwa Novembala kuti amalize njinga za muyezo wakale zomwe zidatsala m'masitolo.